Matabwa a Bawo Oluma Zala

Kalekale, mitsinje isanakhale ndi milatho, kunali mmisiri wina dzina lake Msosa. Ntchito yake inali kusema matabwa a bawo. Luso anali nalo, pamenepo sinditsutsa. Matabwa ake anali a mlombwa, opinda pakati, maenje ake osalala bwino.

Koma mtima wake, mwanawe, mtima! Akaona chigulu cha anthu chitazungulira thabwa limodzi, zinkamuwawa. "Wogula mmodzi, osangalala mudzi wonse?" Basi anapita kwa sing'anga nakatenga mankhwala, aja timatsirikira munda poopa akuba. Iye anatsirika nawo matabwa. Munamvapo zotero inu? Kutsirika masewera!

Kutsidya kwa mtsinje kunali mkamwini wina, Kachingwe. Anali atangolowa kumene m'mudzi mwa mkazi wake, Nagama. Kulima ankalima, kufolera nyumba ankafolera, koma amalume a mkaziyo, a Chidzanja, eni mbumba, sankamuyang'ana n'komwe. Chimene a Chidzanja ankakonda pa dziko lino chinali bawo.

Kachingwe anati, "Njira ndaipeza." Anakoka mbuzi yake, imodzi yomweyo, nakasinthanitsa ndi thabwa.

Pomupatsa, Msosa analavulira mankhwala pathabwa ndipo linatseguka. Anati, "Malamulo ndi awa. Thabwali limadziwa dzanja la wogula yekha. Osabwereketsa. Osapatsa munthu. Ndipo m'mawa uliwonse uzibwera nalo ndidzalilavulire, apo ayi silitseguka."

Kachingwe anangoti, "Eya, eya." Ankayesa ndi matama a amisiri chabe.

Atafika kumudzi anagwada naika thabwa pamaso pa a Chidzanja. Mkulu uja anamwetulira, koyamba chibwerere Kachingwe. Kachingwe anathira nkhomo m'maenje, timbewu tosewerera tija. A Chidzanja anatambasula dzanja, napisa m'dzenje.

Khaa! Thabwa latseka, zala zili m'kati.

"Mayo ine! Mkamwini wandipha!"

Anthu anathamanga. Uyu akoke, lakana. Uyu akanule ndi mpini, lakana. Kachingwe atangolikhudza, thabwa lija yasa! Apo ndiye zinthu zinaipiratu.

"Mwaona? Likumvera iyeyu!" anakuwa a Chidzanja. "Wanditchera msampha m'mudzi mwanga momwe. Tamvera, mkamwini. Mwezi uno usanafe, undionetse kuti sunachite dala. Ukalephera, nyamula zako ubwerere kwanu. Nagama atsala."

Nagama analira. "Amuna anga, mbuzi yapita. Ukwatinso upite chifukwa cha thabwa?"

Kachingwe anasenza thabwa nawolokanso mtsinje. Kwa Msosa anapeza anthu mbwee, aliyense thabwa m'khwapa, ena zala zomanga ndi nsanza. Uyu lamulumira mlamu wake. Uyu amakhala kuseri kwa phiri, watopa n'kulawira. Mayi wamasiye naye analipo, thabwa la malemu amuna ake litangoti gwa, osatseguka.

Kachingwe anapita patsogolo.

"A Msosa, bawo amasewera anthu awiri. Ine ndisewera ndi yani?"

"Mnzakoyo agule lake."

"Ndiye aliyense azisewera pa lake, yekhayekha?"

"Zimenezo n'zanu."

"Nanga mtsinje ukadzaza, tifika bwanji kuno m'mawa?"

Msosa anaseka. "Wopanda miyendo yobwera kuno akumbe maenje pansi ngati ana. Dothi ndi laulere."

Tamvani mayankhidwe! Ine ndikanakhalapo, kaya.

Kachingwe anaugwira mtima. "Chabwino. Koma chonde tiyeni mukauze amalume kuti wotsirika ndinu. Banja langa likutha."

"Ine ndimasema matabwa, sindiweruza maukwati."

Pamenepo mtima wa Kachingwe unaphulika. Anatula thabwa pakhomo penipeni pa nyumba ya Msosa. "Nalo thabwa lanu. Mbuziyo idyani."

Mayi wamasiye anatula lake. Wa kuphiri anatula lake. Tula, tula, tula, mpaka khomo lonse linadzaza. Anthu anabalalika nakakumba maenje pansi pa mitengo, monga anawauzira Msosa mwini wake. Masewera anapitirira, ndipo palibe analumidwa.

Msosa ataima m'kati mwa nyumba ankangoseka. "Zitsiru! Ndigulitsanso kwa ena."

Kachingwe anabwerera wopanda mbuzi, wopanda thabwa, wopanda mboni. Anafotokoza zonse, koma a Chidzanja anangomuonetsa zala zotupa. "Mawu ako ndi amkamwini. Ndikufuna ndimve kwa mmisiriyo."

Mwezi unayamba kuchepa. Unachepa, unachepa. Nagama anamumangira mwamuna wake katundu, misozi ili chuchuchu. Kachingwe anati, "Ndikayesenso kamodzi. Akakana, basi."

Asanafike n'komwe anamva kukuwa. "Ndithandizeni! Alipo kunjako?"

Anali Msosa, mutu uli pazenera. Pofuna kugulitsanso, anali atalavulira matabwa onse aja ndipo onse anatseguka. Koma atati anyamule limodzi, khaa! Iye sanali wogula. Ayese kuponda kuti adumphe, khaa! pachala cha kuphazi. Matabwa anali yasa pakhomo ponse, ndipo munthu anali atatsekeredwa m'nyumba mwake ndi ntchito ya manja ake. Mkazi wake ankangomupatsira chakudya pazenera, uku akumunyogodola.

"Achimwene," anatero Msosa, "chotsani lanu lokhalo ndipeze popita."

Lero akuti achimwene! Asa!

"Inu mumasema matabwa, ine sindichotsa matabwa," anayankha Kachingwe.

"Pepani. Mankhwala osukulutsira ndili nawo, koma sagwira ntchito pokhapokha mwini wake atagwirizira thabwa. Kaitaneni anzanu."

"Ndikawaitana. Ndikaitananso amalume. Mukalankhule pamaso pawo, mokweza."

Anthu anabwera, osati mwachangu ayi. Ena anayamba amaliza kaye masewera awo apansi. A Chidzanja anafika pambuyo, ndodo m'manja, Nagama akuwatsatira. Aliyense anakoka thabwa lake, njira inapezeka, ndipo Msosa anatuluka akutsimphina. Anakonza pakhosi.

"Abale anga, ndamva madandaulo anu. Chifukwa chokukondani, ndaganiza zosintha malamulo."

Chifukwa chokukondani! Munthu zala zitatupa ngati chinangwa! Koma anthu ena alibe manyazi, ndithu.

"Kuyambira lero, bwereketsani. Patsani amene mukufuna. Zobwera kuno m'mawa zatha."

"Mwaiwala china," anatero Kachingwe.

Msosa anayang'ana pansi. "Wotsirika ndine. Mkamwiniyu analibe chiwembu."

Anthu anagwirizira matabwa awo ndipo Msosa anawasukuluza ndi madzi a mankhwala, limodzilimodzi. Atatha anati, "Bambo Chidzanja, yesani tsopano."

"Ine?" anatero mkulu uja. "Yamba ndiwe. Pisa dzanja lako, dzenje lililonse."

Msosa anapisa, thukuta lili kamukamu. Anapisa dzenje loyamba, zii. Lachiwiri, zii. Anamaliza onse, thabwa lili phee. Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Komabe ambiri anasiya matabwa awo pomwepo. Ankati, "Lero wasukuluza. Mawa akadzuka ndi nzeru zina?" Msosa anawachonderera, koma iwo anapita osacheuka.

Kachingwe zonsezo sizinamukhudze. Iye maso anali pa a Chidzanja basi, mtima uli m'mwamba. Mkulu uja anayang'ana zala zake nthawi yaitali. Anayang'ana thabwa. Kenako anatembenukira kwa mwana wa mlongo wake uja.

"Nagama, ukuimiranji pamenepo? Thamanga ukamasule katundu wa amuna ako. Ndipo iwe, mwana wanga, senza thabwalo. Ndikakudye ndi dzanja lamanzere."

Nagama analulutira mpaka kutsidya kunamveka.

Wamva, mwanawe? Chinthu ukagulitsa si chakonso, usamachitsatire kunyumba za eni ake. Ndipo anthu ukawatola ngati zitsiru, tsiku lodzapepesa udzapeza ena anapita kale.

Yanga nthano ndi imeneyo, yathera pomwepa.