Tsiku Limene Nankhoma Sanawoloke

Kalekale, mlatho uwu usanamangidwe, m'mudzi mwathu muno munali mayi wina dzina lake Nankhoma, kholo lathu. Anali mmodzi mwa odziwa zitsamba amene ankathandiza odwala tsidya lino ndi tsidya ilo la mtsinje.

Mwambo wa nthawiyo unali wakuti mkuwo wa matenda ukamveka, odziwa zitsamba onse azithamangira komweko. Khasu kulisiya m'munda, mtondo kuusiyira nkhuku. Wotsala ankamunena kuti ndi mfiti. Nanga mtsinje ukadzaza onse ali tsidya limodzi, a tsidya linalo awasamala ndani? Chaka china ana anatha ndi matenda otsegula m'mimba tsidya lino, owathandiza ali kutsidya, akungoyang'ana madzi.

Chilimwe chitafika, Nankhoma anasonkhanitsa anzake aja n'kuwagawa. Awa tsidya lino, awa tsidya ilo, uyu wowiritsa madzi, uyu wothamanga ndi uthenga. Mkuwo ukamveka, akumeneko apite, enawo akhale pamene ali. Ambiri anang'ung'udza kuti kukonzekera matenda n'kuwaitana. Iye anangoti, "Tsoka silinunkha." Anavomera, koma monyinyirika.

Dzinja linabwera ndi matenda omwe aja. Mkuwo woyamba unachokera tsidya ilo, ndipo wodwalayo anali Chikakuda, mlongo wake wa Nankhoma, wa bere limodzi. Koma Nankhoma malo ake anali tsidya lino. Madzi anali akadali m'mawondo, akanatha kuwoloka.

Mthenga anati, "Alongo anu akungotchula dzina lanu."

Inu mukanatani?

Nankhoma anaima pagombe nthawi yaitali. Kenako anati, "Kumeneko kuli anzathu a zitsamba, a Nazimbiri. Manja awo ndi anga omwe." Anabwerera.

Madzulo ake mtsinje unadzaza, osaphwa msanga. Tsidya lino ana anayamba kudwala, mmodzimmodzi, ndipo ulendo uno anapeza wowamwetsa mankhwala. Mmodzi mwa anawo ndi amene anadzabala agogo anu. Chikakuda anamwalira, n'kuikidwa mlongo wake asanamuone. Ena anamutcha Nankhoma mfiti mpaka ukalamba. Ankangowoloka chaka ndi chaka kukalambula pamanda paja.

N'chifukwa chake kwathu kuno timagawana ntchito matenda asanafike, ndipo mkuwo ukamveka sitithamanga tonse. Mukaona wina watsala pamalo pake, musamamunene. Mwina amene akumuitana kutsidyako ndi mlongo wake.