Mano Atsopano a Bambo Wometa

M'kanyumba kometera tsitsi ka pakona pa msewu munali mipando iwiri, galasi lalitali ndi wailesi yosatopa. Mwini wake anali munthu wanthabwala, woti akayamba kukamba wometedwa ankaiwala kuti lumo lili pakhosi. Koma nthabwala ikafika pokoma, ena onse akugwa ndi phwete, iye ankatseka pakamwa ndi chikhatho ngati wayasamula pamaso pa apongozi. Vuto linali dzino limodzi lakutsogolo, lomwe linamera mopingasa n'kukankha anzake, mpaka mano am'mwamba anaima ngati anthu olimbirana khomo la basi.

Imvi zitayamba kusuzumira m'ndevu, bamboyo analimba mtima n'kupita kwa dokotala wa mano, mayi wina wodekha, amene anamuika mawaya owongola mano. Anapirira nawo nthawi yaitali. Nyama ankaidya yoduladula ngati mwana, ndipo tsiku lokhwimitsa mawaya ankameta anthu ali ndwii, misozi ili lengelenge.

Tsiku lowachotsa, dokotala anamupatsa kagalasi. Bamboyo anayang'ana, anatseka pakamwa, anatsegulanso, kenako anaseka chikhakhali mpaka namwino anasuzumira pakhomo. Mano anali ndandanda ngati ana asukulu pamzere.

"Khalani pansi, bambo, ntchito sinathe," anatero dokotala uku akumupatsa kachotengera. M'katimo munali kapulasitiki koonekera, koumbidwa motsata mano ake. "Akafukufuku ataunika nkhama ndi makina okuza zinthu, anapeza timaulusi tochoka pa dzino ili kukagwira dzino loyandikana nalo, mzere wonse kulumikizana. Fupa limavomera msanga malo atsopano, koma timaulusiti n'taliuma. Takokedwa ngati mphira ndipo tikufuna kubwerera kwawo. Kapulasitikika muzikavala mpaka ndidzakuuzeni."

"Ndamva, adokotala, ndamva ndithu," anayankha, koma maso anali pagalasi.

Kuyambira tsiku limenelo msewu wonse unawadziwa mano a wometa. Ankasekerera wogulitsa nyuzipepala, wapolisi wapamsewu, ngakhale galu wa eni nyumba. Nthabwala zozizira za makasitomala ankaziseka mutu uli chagada. Kumaliro a mnansi mkazi wake anachita kumutsina m'nthiti kuti atseke pakamwa. Anakajambulitsa chithunzi chachikulu akumwetulira, n'kuchiika pachikwangwani pamwamba pa khomo. M'mawa uliwonse ankayamba waima kutsidya kwa msewu, manja m'chiuno, kudzisirira.

Kapulasitiki kaja ndiko kankamusokoneza. Akakavala lilime linkapunthwa, "zikomo" n'kutuluka ngati "shikomo". Tsiku lina makasitomala atamuyeserera mpaka kugwira m'mimba, anakavula n'kukaponya m'kabati, pakati pa zipeso zothyoka ndi malumo akale.

"Abambo, kanthu kaja sindikukaona m'kamwamu," anatero mkazi wake madzulo ena akudya.

"Mayi a ana, mwaonapo nyumba yomangidwa kale ikuyenda? Manowa akhazikika. Mukufuna ndibise katundu wabwino chonchi m'pulasitiki ngati mpando wa alendo?"

Mayiyo anaseka, n'kupukusa mutu. "Mano ndi anu. Ine ndangonena."

Timaulusi tija sitinachite phokoso. Choyamba, nyama inayamba kukakamira pamalo pomwe sinkakakamira. Kenako lilime linapeza kangodya kakuthwa kutsogolo. Bamboyo anati galasi lake lakalamba, n'kugula lina. Latsopanolo linanenanso zomwezo: mano anali atayambanso kupingasa.

Loweruka lina m'kanyumbamo mutadzaza, munalowa mlendo. Anayang'ana chikwangwani, n'kuyang'ana wometa yemwe ankamulandira ndi mano onse panja.

"Pepani achimwene," anatero mlendoyo mwaulemu, "mng'ono wanu wa pachithunziyu alipo lero? Ndimafuna andimete iyeyo."

Kanyumba kanagwedezeka ndi chiseko. Wina anagwa pabenchi, wina anathawira panja thovu lili m'masaya. Wometa anasekera limodzi nawo, koma anthu atangochoka anakhuthula kabati yonse pansi. Anakapeza kapulasitiki kali ndi tsitsi la anthu ambirimbiri. Anakatsuka n'kukakankhira m'kamwa, koma kanakana kulowa. Analuma mwamphamvu, kanangoti thyo, zidutswa ziwiri.

Kwa dokotala anapita ndi mkazi wake, poopa kukalipiridwa ali yekha. Dokotala anaunika m'kamwa, n'kuusa moyo.

"Adokotala, dzino lolakwa ndi limodzi lomwe lija," anadandaula wometa. "Nanga enawa alowerera bwanji?"

"Ndi omangana m'chiuno, bambo. Mmodzi akanyamuka, anzake amadzandira. Tibwezeretsa mawaya."

"Mawayanso? Pa msinkhu uno?"

"Mawayanso. Koma ndili ndi pempho. Ndikulemba kafukufuku wa mmene mano amabwererera, ndipo sindinaonepo obwerera mokhulupirika ngati anuwa. Mungalole ndiwajambule kuti ophunzira azionera? Nkhope sidzaoneka."

Wometa anadzuka pampando, maso ali gwa. "Nkhope isaoneke chifukwa chiyani? Nanga anthu adziwa bwanji kometetsa?"

Mkazi wake anaseka mpaka kukhala pansi, namwino anagwetsa thireyi, ndipo dokotala nayenso anachita kuvula magalasi kuti apukute misozi. Bamboyo anagonanso chagada n'kuyasamula, chitsulo chozizira chikugunda dzino loyamba. Anakondwa msanga ulendo usanathe, ndipo anabwerera pamene anayambira. Paja akuluakulu anati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.