Wotchi Imene Inaba Madzi

Kalekale, osati kale la makolo ayi, kale la dzana lomweli mafoni atalowa kale m'matumba mwa anthu, kunali sikimu ina ya mpunga kumunsi kwa chigwa. Madzi kumeneko ankagawidwa potsata nthawi. Pampu ikayamba kuthira m'ngalande 6 koloko m'mawa, zigawo zinayi za minda zinkamwa motsatana, chilichonse maola awiri, mpaka pampu itazima 2 koloko masana. Wotsegula ndi kutseka mageti anali bambo Mkwapatira, nkhalamba youma khosi, ndipo munda wawo unali m'chigawo chomaliza.

A Mkwapatira anali ndi ana atatu: Dzinjani, Kambani ndi mlongo wawo Ndaziona. Koma anthu ankaseka kuti mwana wawo wapamtima ndi wachinayi, wotchi ya pamkono. Anawapatsa ndi injiniya amene anamanga sikimuyo, tsiku limene iwo anamuvuula m'ngalande madzi atamukokolola. Sinali wotchi ya pamsika imeneyi. Inalibe batire. Inkayenda ndi sipuling'i, ndipo inkadzikunga yokha ndi kugwedezeka kwa mkono wa woivala. Pepala lake linkati patsiku singasochere kupitirira masekondi awiri, ndipo a Mkwapatira mawu amenewa ankawanena pamtima ngati vesi.

"Mafoni anuwo nthawi amachita kupempha kumitambo," ankatero. "Yangayi imaidziwa yokha."

Chaka china, mpunga utayamba kumasula, alimi a chigawo choyamba anayamba kung'ung'udza. Geti lawo linkatsekedwa madzi asanafike kumathero a ndime, mpunga n'kumachita chikasu, pomwe kuchigawo chomaliza madzi ankachita kusefukira. Alimiwo ankawaonetsa a Mkwapatira mafoni. "Bambo, taonani, 8 koloko sinakwane!" Iwo ankangoloza pamkono. "Ochedwa kuyatsa ndi a kupampu. Wotchi yanga sinanamepo."

Eee, anthu anatopa nazo. Msonkhano unaitanidwa pashedi yopunthira mpunga, ndipo wapampando, mayi Nachisale, anawerenga lamulo la sikimu: wakuba madzi alandidwe munda.

"Mwafika potidula mphindi makumi anayi patsiku, n'kumathira kwanu," anatero. "Anthuni, kumeneko timati chiyani?"

"Kuba!" linayankha khamu.

Ndaziona anali kumbuyo, pakati pa azimayi, mtima ukumuwawa ngati wapsa. Bambo ake ankawadziwa bwino. Makani anali nawo, okwana mudzi wonse, koma sanatolepo ngakhale nsomba ya m'ngalande ya munthu. Tsopano ndi awo ankaimikidwa pakati ngati wakuba nkhuku, mutu waimvi uli pamtunda.

Woyamba kuimirira anali Dzinjani. "Mwathamanga nacho chigamulo," anatero. "Tipatseni masabata awiri. Tikalephera kuonetsa kuti bambo sanabe, mutenge munda wawo, muwonjezere ndi wanga." Mkazi wake anagwira pakamwa, poti kunyumba kunali ana asanu odya pamunda womwewo. Dzinjani sanacheuke. A komiti ananong'onezana, n'kuvomera, koma kiyi ya mageti anaisunga iwo.

Wachiwiri anali Ndaziona. Iye anali telala, ndipo m'mawa mwake anapita kwa bambo ake kukawasokera batani la malaya. A Mkwapatira anali kubafa, wotchi ataisiya pomwe ankaisiya masiku onsewo, pamwamba pa sipika ya nyimbo imene Dzinjani anawagulira. Ndaziona atawerama pafupi, singano yake imene inkalendewera pa ulusi inathawa n'kukamatirira pa sipika, phatu! Anakumbukira sizasi yake imene inagonapo pa sipika ya mnzake, n'kuyamba kutola mapini yokha. Anatenga wotchi, n'kutuluka nayo panja, kutali ndi sipikayo, n'kulendewetsanso singano pambali pake. Singano inatembenuka n'kuloza wotchi.

Anaiyesa ndi foni kuchokera masana mpaka masana a tsiku lotsatira, n'kupeza kuti yathamanga ndi mphindi ziwiri. Sipika inali itafika pakhomopo masiku makumi awiri msonkhano usanachitike. Mphindi makumi anayi zija ndi zimenezo.

"Ababa, wotchi yalowa maginito," anawauza. "Ikunama."

A Mkwapatira anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ukakanena mawu amenewo pagulu, usadzanditchenso bambo ako."

Ndaziona analira, musaganize kuti sanalire. Koma atapukuta misozi anamanga chitenje n'kukaitana a komiti ndi alimi onse pageti loyamba. A Mkwapatira anabwera mokakamizidwa, manja ali kumbuyo. Mwana wawo anawagwira mkono pamaso pa anthu, chinthu chimene sanachitepo chibadwire, n'kulendewetsa singano pafupi ndi wotchi. Singano inatembenuka.

"Mwaiona?" anafuula. "Bambo anga sanabe madzi anu! Wotchi iyi ndiyo yakhala ikunama, ndipo iwo anaikhulupirira kuposa inu, kuposa ife ana awo. Atcheni amakani, ndikuvomerani. Koma amene awatchenso wakuba ayambe wadutsa pa ine!"

A Mkwapatira anasolola mkono wawo n'kutembenukira kumbali, ndipo kuyambira tsiku limenelo Ndaziona akawapatsa moni ankayankha ndi chifuwa chokha.

Mayi Nachisale sanali munthu wopusitsidwa ndi singano. "Taona, mwanawe," anatero. "Koma ngati ndi matenda, achiritsidwe. Ikachira iyende masiku asanu ndi awiri osasiyana ndi nthawi ya pa wailesi kupitirira theka la mphindi. Ikatero tivomera kuti anali maginito. Ikalephera, ndiye kuti wotchi inafa kalekale, ndipo eni ake ankadziwa, ankangobisala kumbuyo kwake."

Wachitatu anali Kambani, amene ankakonza mawotchi ndi mafoni pakhonde la sitolo ina m'tauni. Uthenga utamufika anatseka kabokosi kake n'kukwera minibasi, ngakhale mwini sitolo anamuchenjeza kuti benchi ikakhala yopanda munthu sabata yathunthu aipereka kwa wina. Anapita ndi wotchiyo kunyumba ya pampu kumene kunali magetsi, n'kuidutsitsa pa kachipangizo kochotsa maginito. Kenako anaitsegula kumsana n'kumuonetsa Ndaziona kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi, kakupuma, kutseguka ndi kutsekeka.

"Mtima wake ndi umenewu, achemwali. Maginito anakamatiriza, kakafupika, ndiye kamagunda mofulumira."

Koma ntchito sinathere pamenepo. Wotchi itachira inayamba kutsalira ndi masekondi asanu ndi limodzi patsiku, ndipo owerenga awerenge: pamasiku asanu ndi awiri ikanapitirira theka la mphindi lija, minda iwiri n'kupita. Kambani anakhala masiku awiri galasi lili padiso, akusuntha kachitsulo kosaoneka bwino ndi maso, kuyesa, kusunthanso, mpaka kutsalirako kunachepa. Zotsalazo anawaphunzitsa bambo ake. "Mukaivula muziigoneka chagada, nkhope kumwamba. Ikagona choncho imabweza zimene yataya pamkono. Ndipo sipikayo isayandikirenso." Masiku onse a mayesowo iye anakhala komweko, ndipo benchi yake ya m'tauni inapitadi kwa wina.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri sikimu yonse inaunjikana pashedi, wailesi ili pathumba la mpunga. Wailesi italiza 12 koloko, mayi Nachisale, amene anali atawerama pamkono wa a Mkwapatira, anadzuka pang'onopang'ono.

"Masekondi anayi," anatero. "Masiku asanu ndi awiri, masekondi anayi okha."

Nthungululu zinamveka mpaka kupampu. Amene ankafuula kuti kuba aja ndi amene anayamba kudzagwira chanza, anthu ndi choncho. Minda inatsala m'manja mwa eni ake, kiyi inabwezedwa.

Koma a Mkwapatira sanavine. Anayenda mpaka pageti loyamba, anthu akuwatsatira, ndipo kumeneko anavula wotchi n'kuigoneka chagada pa simenti, kiyi pambali pake.

"Ine ndatha," anatero. "Munthu amene wauzidwa nthawi ndi singano asatsegulenso geti. Wotchi iyi sigawika ngati nsomba, ndipo siyenda m'manja mwa anthu atatu. Imazolowera mkono umodzi. Kumene ipite, kiyi ipitanso komweko. Nenani, ndi ya yani?"

Dzinjani ndiye anayamba. "Ndikanapanda kuika munda wa ana anga pachiswe, bwenzi mlandu utatha tsiku lomwelo. Singano ndi kagalasi zikanapeza chiyani?"

"Nanga sipika inabwera ndi yani?" anafunsa Kambani. "Achimwene, munazimitsa moto umene munayatsa nokha. Ine ndinachiritsa wotchi, ndipo ndataya benchi imene ndinkadyera. Ikadzadwalanso, mwa inu awiri ndani angaitsegule?"

"Iwe ulibe ngakhale ndime imodzi kuno," anayankha Dzinjani. "Mpunga waludzu ungauzindikire?"

A Mkwapatira analoza Ndaziona ndi chibwano, osamutchula dzina. "Nanga uyo, amene anandivula pamaso pa anthu?"

Ndaziona sanagwade ndipo sanayang'ane pansi.

"Ababa," anatero, akulitchula dzinalo mokweza kuti aliyense amve, "ndinati wotchi yanama kuti inu musafe ndi dzina la wakuba. Wakutsina khutu ndi mnansi. Achimwene anagula masiku, koma sankadziwa choti achite nawo. A Kambani anachiritsa nthenda imene ine ndinaipeza. Ndipo ndisakunamizeni: mukandipatsa, tsiku lililonse ndiziifunsa ngati ikunena zoona, ndipo ikadzanamanso ndidzanenanso pagulu, kaya mukwiye. Kupepesa ndiye sindipepesa."

Nkhalamba ija inayang'ana wotchi pa simenti paja. Ena amati m'maso mwake munalengeza misozi, ena amati unali ukali chabe. Potsiriza inati, "Ikakhala yosavalidwa imayenda masiku awiri, kenako imaima. Chiilandirireni ine sinaimepo. Isaime." Atatero anatembenuka n'kumapita kwawo, mkono uli wopanda kanthu, pooneka mzere woyera pamene lamba ankakhala.

Ana atatuwo anatsala ataimirira mozungulira geti, palibe wotambasula dzanja, wotchi ili apo pa simenti ikugunda, ndipo mawa 6 koloko madzi alowa m'ngalande, mpunga sudikira mlandu. Ine pano sindigamula, musandiyang'ane. Inu amene mwamva, nenani isanaime: aivale ndani, amene anaika munda wake pachiswe, amene anataya benchi yake poichiritsa, kapena amene analolera kutaya bambo ake kuti anene zoona?