Tantiramu ya Abiti Swaleyi

Swala yamasana itangotha kumzikiti, Abiti Swaleyi anafika pakhonde la Shehe Likaka ku Ntaja, khanda kumsana, mtolo wa zovala pamutu. Anali pa ulendo wobwerera kwawo. Amuna ake, Che Mpinga, anali atakwatira mkazi wachiwiri, mtsikana wa Folomu 4, ndipo chitenje cha Idi chinagulidwa chimodzi chokha, cha mtsikanayo. Abiti Swaleyi atachiona pachingwe anaswa mbale, nalira mpaka oyandikana nawo anatuluka.

Anapereka salamu, nakhala pansi chapatali.

"Shehe, mundikhululukire, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Dzulo bambo a kunyumba anauza mkazi wawo uja kuti, 'Msiye, ndi tantiramu chabe,' onse awiri n'kuseka. Mundiuze tanthauzo lake. Ngati ndi mwano, lero ndikagona kwa mayi anga."

Shehe, amene pa unyamata wawo anaphunzitsapo kupulayimale, anayankha mofatsa.

"Ndi liwu la Chingerezi, mayi. Amanena mwana wamng'ono akamanidwa kanthu, n'kudzigwetsa pansi, kupalasa miyendo, osatonthozeka. Akanenera munthu wamkulu, ndiye kuti akumuyesa mwana."

"Linachokera kuti? Chitenje n'cha iye uja, ndi mawu ondisekera omwe akhalenso a iye?"

"Ndinafufuzapo. Eni chilankhulo amavomera okha kuti sadziwa kumene linachokera, nanga ine ndine ndani? Adziwa ndi Allah. Koma ndifunseko, wakumsanayu ali ndi mkulu wake?"

"Alipo, Hamisi. Chibadwire mng'ono wakeyu, ndikangoyamba kuyamwitsa, iye pansi khu."

"Mumamuseka?"

"Ayi, Shehe. Amaopa kuti malo ake atha. Ndimamukokera pamwendo winawu, basi amatonthola."

Atanena zimenezi anazyolika, nayamba kusewera ndi mfundo ya mtolo uja.

"Mbale ija munalakwa kuswa, mupemphe chikhululuko kwa Allah," anatero Shehe. "Koma mtolowo mulowe nawo m'nyumba muno, mukakhale ndi akazi anga. Che Mpinga ndiwaitanitsa dzuwa lisanalowe. Liwu aliphunzira ndithu, koma chimene mumadziwa inucho sanachiphunzire. Mwamuna wa akazi awiri, tsiku lachiweruzo la Kiyama sadzafunsidwa dzina la kulira kwanu. Adzafunsidwa za mwendo winawo."