Ana Angelo a Wailesi

Anzake a kuyunivesite ankamutchula Wailesi, poti pakamwa pake sipankazima. Ankaphunzira za maganizo ndi khalidwe la anthu, ndipo kuti alandire digiri panangotsala kafukufuku mmodzi: kukaona mmene ana a kusukulu ya mkaka amagawanirana zidole.

"Mukafika, mukakhale pakona ngati kabati," anamulangiza mphunzitsi wake. "Osayankhula, osamwetulira. Ana akakuiwalani m'pamene mudzaone zenizeni."

Wailesi anavomera, koma kuvomera kwa pakamwa sikuvuta. Anakakhala pakampando ka ana, mawondo ali m'chibwano. Tianato tinamuyang'ana pang'ono n'kubwerera kumasewera. Posakhalitsa kamtsikana kena kanalanda mnzake galimoto yapulasitiki. Apa ndiye panali poti aone chimene wolandidwayo angachite: kulira, kubwezera kapena kukaneneza. Koma lilime linamuyabwa.

"Iwe, mwana wabwino satero! Bweza, ndikupatsa switi."

Basi, zinathera pomwepo. Kuyambira tsikulo, ana akangomuona pakhomo ankathamangira zidole n'kumapatsana ndi manja awiri. Ochenjera ankayamba alanda dala, kuti akhale ndi chobweza. Wailesi anakondwa zedi, mpaka ankauza anthu m'basi kuti wapeza ana angelo. Nthawi imene sukuluyo inamupatsa inatha ali m'chimwemwe chomwecho.

Tsiku lopereka zotsatira anaonetsa kanema amene anajambula. Mphunzitsi uja anaonera mpaka kumapeto, kenaka anavula magalasi.

"Mayi, mawu akumveka ponseponsewa ndi a ndani?"

"Ndi anga, aphunzitsi. Ndinkangowathandiza pang'ono."

"Nanga maso a anawa ali kuti?"

Wailesi anayang'anitsitsa. Manja a ana ankapatsanadi zidole, koma maso onse anali pachikwama chake cha maswiti.

"Mphamvu ya switi mwaifufuza bwino kwambiri," anatero mphunzitsiyo. "Za kugawanazi mudzayambirenso chaka chamawa."

Zinamupweteka, osati pang'ono. Pamene anzake ankayeza mikanjo ya digiri, iye ankagogoda m'masukulu ena kupempha malo atsopano. Amayi ake, omwe anali atasoketsa kale diresi ya tsiku la mwambowo, anangoipinda bwinobwino n'kuibweza m'sutikesi. Sanamukalipire mwana wawo, ndipo zimenezo n'zimene zinamuliza.

Akuluakulu sananame pamene anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.