Mano a Bulu

Panangokhala, kalelo nyama zikulembana ntchito zokhazokha, Bulu wina wokalamba. Tili tonse, eti? Ndiye khalani pansi ndinene.

Bulu ameneyu anakoka ngolo ya Njati zaka makumi awiri, pamvula ndi padzuwa, mpaka ubweya wa pakhosi unatha ndi goli. Njati atamwalira, ana ake anagulitsa ngoloyo n'kumuuza kuti, "Agogo, mwaigwira ntchito, kapumeni." Kupuma! Kodi kupumako amadya? Tchire linali litapsa, udzu kulibe, ndipo bulu wopanda ntchito panalibe womupatsa madeya. Akapanda kulembedwa mvula isanagwe, njala ikanamumaliza.

Tsono masiku amenewo, wofuna ntchito sankamufunsa zimene amadziwa. Ankangomuona m'kamwa, poti mano ndiwo amaulula zaka.

Anapita kwa Nyani wa dimba.

"Yasamulani, madala, tione mano."

Anayasamula.

"Aa, atha awa. Tikufuna anyamata."

Anapita kwa Nungu wowotcha njerwa.

"Yasamulani, madala, tione mano."

Anayasamula.

"Aa, atha awa. Tikufuna anyamata."

"Kodi ngoloyo ndizikoka ndi mano?" anafunsa Bulu. Nungu anali atatembenuka kale.

Kenako anamva kuti Nguluwe, mwini munda waukulu kutsidya kwa mtsinje, akufuna wotuta chimanga mvula isanayambe. Bulu anatola khala, n'kudzipaka pamphuno pomwe panali imvi. Zochititsa manyazi, inde, koma njala ilibe manyazi. Atafika anapeza a Mbidzi awiri, anyamata onenepa, akupondaponda pansi ndi mphamvu zosowa ntchito. Pambali panaima Fisi, kapitawo wa Nguluwe.

Nguluwe sanayambe ndi mano ayi. Anati, "A Bulu, ndamva kuti mtsinje uwu mumaudziwa. Ngolo yodzaza mungaiwolotse bwanji?"

Ha! Mtima wa Bulu unadumpha. Chiyambire kuyendayenda, aka kanali koyamba kufunsidwa za ntchito. Anakhuthula zonse, wosaukayo.

"Bwana, pamene madzi adekha musapitepo, pansi pake ndi matope okhaokha. Muziwolokera pamene akusokosa, pamiyala. Polowa muzilowa chopingasa, mutu kumtunda. Pakati pa madzi osaima, ngakhale ludzu likuwaweni. Matumba olemera aziikidwa pakati, pamwamba pa mateyala."

Nguluwe anagwedeza mutu, n'kutembenukira kwa a Mbidzi. "Mwamva, anyamata?"

"Tamva, bwana!"

"Chabwino. Fisi, aone m'kamwa madalawa."

Bulu anayasamula. Thukuta linali litasungunula khala lija, madzi akuda akutsikira kuchibwano, imvi zili mbee. Fisi anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mwadzipaka utoto, agogo? Aa, atha awa! Tsabola wakale sawawa."

Nzeru Nguluwe anatenga, mwini nzeru n'kumuonetsa njira. Ine zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero, ana inu.

Bulu analibe kolowera. Anakagona pansi pa mkuyu m'mbali mwa mtsinje, n'kumatafuna makungwa, akuona ngolo ikuwoloka ndi mawu ake omwe aja. Tsiku loyamba inawoloka. Lachiwiri inawoloka. Masiku anapita, nthiti za Bulu zikuwerengeka.

Tsiku lina m'mawa, kumwamba kuli ngwee, Bulu anaona madzi atafiirira pang'ono, tizinyalala tikuyandama. Anadziwa kuti kumapiri yagwa, ndipo madzi ambiri ali m'njira. Chimenechi sanachinene tsiku lija, poti sanamufunse, ndipo zaka makumi awiri sizingathe kunenedwa m'mawa umodzi.

"Bwererani!" anakuwa. "Lero musawoloke!"

"Gonani, agogo!" anayankha a Mbidzi, n'kulowa m'madzi akuseka.

Ali pakati, madzi aja anafika. Wina anakokera uku, wina uku, goli thyoo! Ngolo gubudu! Chimanga chonse chinapita ndi mtsinje. A Mbidzi anatulukira kutsidya n'kuliyatsa liwiro, osabweranso ngakhale kudzatsanzika.

Nguluwe anatsala ndi mulu wina wa chimanga kutsidya, mitambo ikusonkhana. Anakonza ngolo, koma kuitana wokalamba kunamuchititsa manyazi. Anafunafuna anyamata ena masiku atatu, onse n'kukana mtsinjewo. Lachinayi anatuma Fisi. "Kaitane madala aja."

Bulu ataona Fisi akubwera, maso ake anawala.

"Mwandiitanira ntchito, akapitawo?"

"Eya. Dzukani, bwana akudikira."

Anayesa kudzuka, miyendo inakana. Anayesanso, inakana. Ntchito imene anaifunafuna mpaka ziboda kung'ambika inali itafika, koma njala inali itaitsogolera. Ndiye poti anazolowera, nkhalamba ija inangoyasamula yokha, osauzidwa.

Fisi anayang'ana uku, anayang'ana uku. Panalibe woona. Zotsatira zake mukuzidziwa, Fisi ndi Fisi.

Masana anabwerera kwa Nguluwe mimba itafufuma ndi kukhuta, atanyamula kanthu m'tsamba.

"Ali kuti a Bulu?" anafunsa Nguluwe.

Fisi anafunyulula tsamba lija. Munali mano, achikasu, operepeseka.

"Iwe! Ndati ubweretse Bulu!"

"Bwana, mwa Bulu yense inu munkaonamo mano okha. Ndi awa."

Madzulo ake mvula inagwa yamphamvu. Chimanga chija chinamerera pamulu pomwepo, kutsidya, Nguluwe akuchiona ndi maso.

Nthano yanga yagona pamenepa. Inu amene mano anu akadali mbee, kumbukirani: wotaya nkhalamba poona mano amadzaifuna itasanduka mafupa.