Mafuta Odana ndi Ukali

Mayi Nankhoma, eni nyumba imene Esinta ankachitiramo saluni, analowa akuloza masaya awo akuphwa ndi maso olowa m'kati.

"Pofika Loweruka, pa ukwati wa mwana wanga, nkhopeyi ikhale itadzaza. Apo ayi, usamuke muno!"

Esinta anawatapira mafuta wamba odzola m'kabotolo. "Awa ndi amphamvu, mayi, koma amadana ndi ukali. Mukangokalipira munthu, amasukuluka."

Lachisanu mayiwo anatulukira masaya akadali akuphwa, saluni itadzaza makasitomala.

"Wabodza iwe! Sabata yonse ndakhala ndikumeza mawu, ngakhale wantchito atapsereza ndiwo!"

Esinta anagwira pakamwa. "Mayo! Amayenera kuyamba kugwira ntchito mawa m'mawa. Mwawasukulutsa nokha, anthu onsewa akumva."

Mayi Nankhoma anasendera pafupi ndi Esinta. Kenako ananong'ona kuti, "Atsalako ena, mwanawe?"